Mpando wa Amalume Lieven pa Tebulo Lolawira Mowa

Abulazala Amandus atamwalira mwezi wathawu, nyuzipepala ya m'chigawo chathu cha Flanders inawaika pa tsamba loyamba atakweza tambula ya mowa m'mwamba. Inalemba kuti kwa zaka makumi asanu, mowa uliwonse wotuluka m'nyumba ya amonke ya ku Lindebeke unkayamba wadutsa pa mphuno ndi pa lilime lawo. Nkhaniyo ndinaiwerenga kawiri, chala chili pa mzere uliwonse, kufunafuna dzina la amalume anga, a Lieven Roelens. Munalibe. Ine ndinasiya sukulu chaka chatha, ndipo amayi amati ndimangozungulira m'nyumba ngati ntchentche ya pawindo, ndiye nthawi ndili nayo. Ndilemba ndine, ndipo ndikufuna anthu awerenge. Wokwiya akwiye.

Amalume ndi mchimwene wawo wa amayi anga. Anakulira pa munda wa hopu, mbewu yowawitsa mowa, kuseri kwa tchalitchi, ndipo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anayamba kutsuka mabotolo kwa amonke. Tsiku lina akudutsa pafupi ndi mathanki ananena mokweza kuti, "Muno mukununkha galu wonyowa." Anzawo anawaseka, koma Abulazala Amandus, amene ankayang'anira ntchito yonse yofulula mowa, sanaseke. Anawagwira mkono wa malaya, n'kuwaikira matambula atatu patsogolo. Amalume ananunkhiza, n'kuloza yapakati. Madzulo ake thanki yonseyo inatayidwa mu ngalande. Anatsukabe mabotolo kwa zaka zina khumi, kenako Abulazala anawapatsa mpando pa tebulo lolawira mowa, ndipo anaukhala zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Mpando umenewo unawadyera zinthu zambiri. Fodya sanasutepo. Khofi sankamwa isanakwane khumi koloko. Tsabola, adyo, sopo wonunkhira, zonsezo ayi. Bambo anga atamwalira, amalume anadzakhala nafe m'chipinda cham'mwamba, ndipo kuyambira pamenepo tchizi chonunkha chimene amayi amachikonda chinkagona m'chitini kunja kwa windo. Panali mayi wina dzina lake Marleen, wokonza tsitsi, amene anatsala pang'ono kukwatirana nawo. Amalume anamupempha kuti azisamba mankhwala a tsitsiwo asanakumane. Anasamba kawiri, kachitatu anakwatiwa ndi woyendetsa basi.

"Amuna anzawo amakwatira akazi," amayi ankatero pamaso pawo pomwe, "achimwene anga anakwatira mphuno yawo."

"Ndipo sinandilalatirepo ngati iwe," amalume ankayankha.

Kalawidwe kake kanali kotere. Lachiwiri lililonse, amonke akatuluka ku mapemphero a m'mawa, Abulazala ndi amalume ankalowa m'kachipinda kopaka laimu, ka windo limodzi, n'kukhala moyang'anizana. Pakati pawo pankakhala matambula a mowa wa m'thanki iliyonse imene inkayembekezera kuthiridwa m'mabotolo. Munalibe kulankhula. Amonke akale ankalankhulana ndi manja, ndipo Abulazala ankati mawu a munthu mmodzi amasokoneza mphuno ya mnzake. Aliyense ankanunkhiza, kumwa pang'ono, kenako onse awiri n'kutsitsa dzanja pa tebulo nthawi imodzi. Chikhatho chotambasula ndiye kuti mowa upite m'mabotolo. Chibakera, ngakhale cha munthu mmodzi yekha, ndiye kuti thanki itsekedwe. Pa zaka zonsezo anataya mathanki asanu ndi anayi, ndipo amalume amakumbukira fungo la iliyonse.

Zaka ziwiri zapitazo, mu Febuluwale, amalume anagwidwa ndi chimfine choopsa, n'kugona milungu iwiri. Tsiku limene anatsikira kukhitchini koyamba, amayi anasiya mkaka pa moto n'kutuluka kukayanika zovala. Ine ndinatsika nditamva utsi. Ndinapeza amalume atakhala pafupi ndi chitofu, akuwerenga nyuzipepala mwamtendere.

"Achimwene!" amayi anakuwa akulowa. "Mwangokhala phee mkaka ukupserera m'mphuno mwanu momwemo? Inu amene mumamva ndikatsegula sopo ndili kubafa?"

Amalume anayang'ana poto. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kulowetsa nkhope mu utsimo. Kenako anatsegula windo, n'kutenga chitini cha tchizi chija, n'kuchivundukula, n'kuikamo mphuno yonse. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Palibe, Rika," anatero. "Palibe chilichonse."

Dokotala anawauza kuti fungo likhoza kubwerera pakatha mwezi, kapena chaka, kapena osabwereranso. Amayi anati apite kwa amonke tsiku lomwelo.

"Mukawauze. Kudwala si kuba."

"Ndikawauza, Lachiwiri likubwerali pampando paja pakhala munthu wina. Ukuganiza kuti adzandidzukira?"

"Nanga mukalowa, mukanunkhiza ndi chiyani? Khutu?"

"Mphuno ya Abulazala ndi yokwanira anthu awiri. Ine ndizingoyang'ana dzanja lawo mpaka yanga ibwerere. Ndipo iwe Fien," anatembenukira kwa ine, "zimenezi sunazimve."

Za Lachiwiri loyambalo anadzatifotokozera pambuyo pake. Anakweza tambula, n'kukoka mpweya, koma zinali ngati akununkhiza khoma. Anamwa. Lilime linamva kuwawa ndi kutsekemera pang'ono, basi. Anakweza dzanja n'kuyamba kudikira, maso ali pa dzanja la Abulazala. Koma dzanja la Abulazala nalonso linali m'mwamba, silikutsika. Amalume akuti anaganiza kuti nkhalambayo yamva kanthu ndipo ikusinkhasinkha. Zala za amalume zinatambasuka zokha pang'ono, ndipo nthawi yomweyo chikhatho cha Abulazala chinagwa pa tebulo. Amalume anatsitsa chawo. Anabwera kunyumba akuimba mluzu.

"Waona? Palibe amene wadziwa."

Zinayenda choncho kwa miyezi inayi. Anthu ofulula mowa kumeneko ndi aukhondo, ndiye mowa unkakhala bwino wokha, ndipo zikhatho ziwiri zinkangogwa pa tebulo Lachiwiri lililonse. Koma mu Juni, paipi ina ya labala inang'aluka mkati mosaoneka, ndipo tizilombo tinalowa m'thanki yachitatu. Mowa ukangoyamba kuwonongeka motero, lilime silidziwa. Imadziwa ndi mphuno yokha. Amalume akale akanamva ali pakhomo. Tsiku limenelo anatambasula chikhatho, Abulazala anatambasula chawo, ndipo mowa unapita m'mabotolo kukakhwimira momwemo.

Loweruka ndi Lamulungu amayi amagwira ntchito kwa mayi Georgette, amene ali ndi malo omwera moyang'anizana ndi geti la amonke. Alendo onse amathera pamenepo, chifukwa mkati mwa mpanda saloledwa. Amabwera pa mabasi, pa njinga, ena kuchokera kutsidya kwa nyanja, n'kukhala ndi tambula imodzi ola lathunthu, akuizunguza ndi kuijambula. Loweruka lina mu Ogasiti ndinapita kukawapatsa amayi makiyi, ndipo ndinapeza basi ya alendo itangofika. Bambo wina wa ndevu zosamalidwa bwino anali ndi kabuku. Ankanunkhiza, kutsinzina, kulemba.

"Mukumva kafungo ka khola la hatchi aka?" ankauza anzake. "Chimenechi ndiye chinsinsi cha amonke. Kwina konse simungachipeze."

Pa tebulo la pakona panali a Cyriel, mlimi wokalamba amene amakhala pamalo omwewo chiyambire amayi ali mwana. Anamwa kamodzi, n'kulavulira m'mbale ya mtedza.

"Iwe Rika, tabwera. Mowa uwu waufulula ndiwe m'bafa mwako?"

"Mwayambapotu, a Cyriel. Mano anatha, tsopano lilime nalonso likutsazika?"

"Mowa uwu ndinayamba kumwa iwe ukadali m'matewera. Uwu si iwo. Uwu ndi mkodzo wa hatchi yanga, ndipo yanga imakodza wabwinoko. Mchimwene wako uja wamwalira osatiuza?"

Anthu anaseka, ndi mlendo wa kabuku yemwe, ngakhale sanamve zonse. Amayi sanaseke. Anatsegula botolo lina kuti awasinthire, ndipo thovu linathamanga mpaka kudenga.

Mlungu womwewo mabotolo anayamba kuphulika okha m'nyumba za anthu. Mayi Hilde, akazi awo a bambo wotibweretsera makalata, anawerama kuti atenge botolo m'kireti kuti amuna awo amwere chakudya chamasana. Linawaphulikira kumaso. Diso lawo lakumanzere silionanso mpaka lero. Amonke anatseka geti, n'kulengeza kuti aliyense abweze makireti. Kwa masiku anayi antchito ankathira mowa mu ngalande atavala zotchinga kumaso, ndipo mudzi wonse unkanunkha chosasa. Anthu ankayenda atatseka mphuno ndi mipango. Amalume okha ndiwo ankadutsa mumsewu osamva kanthu.

Bambo Mkulu wa amonke anaitanitsa awiriwo kuti akaonekere Lachisanu. Lachinayi masana amalume anali m'shedi ya makireti opanda kanthu, ndipo Abulazala Amandus anawapeza momwemo, akutsimphina ndi ndodo yawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi. Anakhala pa kireti, n'kupuma kaye.

"Lieven, mphuno yako inasiya liti?"

Amalume anaika pansi kireti imene ananyamula.

"Mu Febuluwale, Abulazala. Ndikhululukireni. Ndinkadalira inu."

Nkhalambayo inaseka kaseko kouma.

"Unkadalira ine. Mwana wanga, ine yanga inasiya zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Chifukwa cha mankhwala a mtima aja. Ndinkayang'ana chala chako chachikulu. Mowa ukakhala bwino chimadzuka chokha, dzanja lisanatsike. Ukakhala woipa chimalowa mkati. Sunkadziwa?"

"Zaka khumi ndi chimodzi?"

"Pa amonke asanu ndi awiri amene tatsala, wodziwa kufulula ndine ndekha. Ndikanachoka, ndani akanakhala? Ndinkati iwe ulipo."

Kenako Abulazala anawagwira amalume bondo.

"Mawa ndilankhula. Ndiwauza Bambo Mkulu kuti mlandu ndi wanga, woyang'anira ndine, ndipo ndinayamba kunama ndine. Iwe akubwezera kumabotolo kwa kanthawi, mpando wako uzikudikira mpaka mphuno ibwerere. Zimenezo ndikupempherera. Iwe ukangonena zako, zotsalazo undisiyire."

Amalume anabwera kunyumba maso ali ofiira, koma anadya bwino kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri. Ndi tsiku limenelo pamene anatiuza zonse, ine ndi amayi. Amayi anawasitira malaya oyera.

Lachisanu analowa mu ofesi ya Bambo Mkulu. Amalume anayamba, monga anagwirizana. Ananena za chimfine, za mkaka, za miyezi yonse imene anakhala pa tebulo akungoyang'ana dzanja la mnzawo. Sanabise kanthu. Atamaliza anatembenukira kwa Abulazala.

Abulazala ankayang'ana pansi.

"Nanga inu, Abulazala Amandus?" anafunsa Bambo Mkulu. "A Roelens sanamve, tamva chifukwa chake. Koma inu munali pomwepo. Chinachitika n'chiyani?"

Amalume akuti anaona milomo ya nkhalambayo ikuyenda popanda mawu, manja onse awiri atakanirira pa ndodo.

"Tsiku limenelo ndinali ndi kachimfine, Bambo," anatero Abulazala pamapeto pake. "Ndinadalira Lieven. Sindinkadziwa kuti akudwala."

Bambo Mkulu anagwedeza mutu momvetsa, n'kubwerera kwa amalume.

"A Roelens, pali china chimene mukufuna kuwonjezera?"

Amalume anayang'ana Abulazala. Abulazala sanadzutse mutu.

"Palibe, Bambo."

"Mukanabwera mu Febuluwale, tikanakusungirani malo ngakhale kwa zaka ziwiri. Mphuno si mlandu. Koma munakhala pa tebulo lija mukudziwa kuti simukumva, ndipo mayi wina wataya diso. Sitingakusungeni."

Anatuluka pa geti lomwe ankalowera kwa zaka makumi anayi ndi ziwiri, atanyamula nsapato zawo za jombo m'manja. Amayi atamva, anavala jasi kuti akagogode okha kwa amonke. Amalume anaima pakhomo n'kuwatsekereza.

"Ukapita, ine ndisamuka muno."

Anapeza ntchito ku fakitale yokazinga mbatata, makilomita khumi ndi awiri kuchokera kwathu. Amaima pa lamba woyenda, n'kumachotsa mbatata zowola. M'mudzi anthu anasiya kuwaitana kuti alawe vinyo wa paukwati. A Cyriel akawaona amayang'ana kumbali. Bambo wa makalata amaponya makalata athu pansi pa geti, osati m'bokosi, ngakhale kukugwa mvula, ndipo amalume amatola okha n'kuwayanika pa chitofu osadandaula.

Mu Novembala, tsiku lina akuvula nsapato pakhomo, anangoima.

"Rika, waika nyama ya nkhumba mu supu."

Amayi anagwetsa chipande. Fungo linali litabwerera, lonse, ngati silinachokepo. Ine ndinalumpha ndi chimwemwe, ndinkaganiza kuti basi zatha. Amalume anangokhala pansi n'kudya supuyo. Pa mpando wawo panali patakhala kale munthu, mtsikana wophunzira za mowa ku yunivesite, dzina lake Annelien.

Patapita miyezi itatu, Annelien uja anagogoda kwathu Loweruka lina chakumasana, amayi asanapite kuntchito kwa mayi Georgette. Anali wamtali, wamanyazi, atanyamula botolo limodzi m'pepala. Amayi anamulowetsa kukhitchini nkhope ili gwa.

"Pepani pokuvutitsani, a Roelens," anatero. "Ndilibe wina woti ndimufunse. Ndi za Abulazala Amandus. Dzanja lawo limatsika pambuyo pa langa nthawi zonse. Pang'ono pokha, koma nthawi zonse. Mlungu watha ndinachita dala, ndinakunga chibakera pa mowa wabwinobwino. Iwonso anakunga. Ngati pali chimene mukudziwa, ndiuzeni. Ndipita kwa Bambo Mkulu. Pa tebulo paja pamafunika mphuno ziwiri, ndipo ndamva kuti yanu inabwerera. Ine ndikanena kuti akuitaneni."

Ndinamva amayi akuwaponda amalume phazi kunsi kwa tebulo. Amalume anatenga botolo lija, n'kulitsegula, n'kuthira pang'ono m'tambula. Ananunkhiza kamodzi.

"Thanki yachiwiri. Hopu wake mwagula kwina chaka chino, ndipo munauthira mochedwerapo."

Annelien anatsegula pakamwa.

"Ndi zoona. Mphindi zisanu zokha."

"Uli bwino. Musasinthe." Anaika tambula pansi osamwa. "Abulazala ndi okalamba, mayi. Mkono wawo ndi wolemera. Ndi zokhazo zimene ndikudziwa."

"Achimwene!" amayi anatero.

"Koma mverani ichi, ndipo musadzaiwale. Tsiku limene mudzadzuke ndi chimfine, ngakhale chaching'ono chotani, musadzalowe m'kachipinda kaja. Mudzatseke thanki ndi loko, kiyi mudzapite naye kwanu. Wina aliyense akadzati alawa yekha, mudzakane. Mwamva?"

Mtsikanayo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndamva," anatero motsitsa.

Atangotuluka, amayi anaphulika.

"Mpando unabwera wokha mpaka m'khitchini muno, inu n'kuubweza! Chifukwa cha ndani? Nkhalamba yabodza imene inakugulitsani m'maso muli gwa? Muziona mbatata zowola mpaka imfa chifukwa cha iyeyo?"

"Si chifukwa cha iwo, Rika."

"Nanga n'chifukwa cha ndani?"

"Kaya iwo ananama zaka zingati, chikhatho chimene ndinatsitsa pa thanki yachitatu chinali changa. Palibe anandigwira mkono. Ndikabwerera paja, Lachiwiri lililonse ndizidutsa pakhomo pa mayi Hilde ndikupita kukauza anthu chimene chili chabwino kumwa. Iweyo ungathe?"

Amayi anayamba kupukuta tebulo louma kale. Amalume anayang'ana wotchi, chifukwa ku fakitale Loweruka amalowa thu koloko. Anamanga buledi wawo m'pepala, n'kuvala chipewa, n'kutulutsa njinga. Kunja kunali mphepo yochokera kunyanja, ndipo ndinawaona pawindo akupalasa atawerama, mpaka anakhota pa munda wa a Cyriel.